Mzere Umene Unagawanika Pawiri: Mmene Cheza cha X-ray Chinaululira Chinsinsi cha Chitsulo Cholimba

Wosula zitsulo aliyense amaudziwa mwambo uwu ngakhale asanapondeko m'kalasi. Akafuna kuti nkhwangwa ikhale yosabuntha msanga, amaiika pamakala navukuta mpaka chitsulo chifiire kuti psuu, kenaka nkuchiviika m'madzi mwadzidzidzi. Chitsulo chomwe chinali kugonjera nyundo kanthawi kochepa kapitako chimavuuka m'madzimo chili gwa, kotero kuti ngakhale tupa amangoterereka pamwamba pake osachidya. Koma akachisiya kuti chizizire chokha m'phulusa, chimakhala chofewa monga kale. Chitsulo nchomwecho, kulemera kwake nkomweko, ndipo palibe chimene chathiridwamo kapena kuchotsedwamo. Nanga chasintha nchiyani?

Funso limeneli si lamasewera ayi, pakuti pa yankho lake patsamira njanji ya sitima, sipuling'i ya galimoto, mpeni wa dokotala ndiponso phiko la ndege. Chitsulo chikauma mopitirira muyeso chimathyoka ngati galasi, ndipo chikafewa mopitirira muyeso chimapindika pamene chinayenera kupirira. M'njira zonse ziwirizi anthu amatha kutaya miyoyo. Kwa zaka mazanamazana amisiri anadziwa chochita popanda kudziwa chifukwa chake. Chifukwacho chinadziwika zaka pafupifupi 100 zapitazo, ndipo chinaonekera pamalo osayembekezeka: pa kachidutswa ka filimu, pamene mzere umodzi wakuda unapezeka utagawanika pawiri.

Chitsulo ndi kristalo

Choyamba tiyenera kuvomereza chinthu chimene maso amachikana, chakuti chitsulo ndi kristalo monga momwe ulili mchere. Amene akukayika ayang'anitsitse lata latsopano kapena ndowa yonyezimira. Timaluwa tija timaoneka pamwamba pake ndi makristalo a zinki amene anakula pamene zinki yosungunukayo inali kuuma. M'kati mwa nkhwangwa makristalo alimo ochuluka zedi, koma ndi ang'onoang'ono, olumikizana ngati miyala ya m'khoma, iliyonse itapenya kwake. M'kati mwa kristalo iliyonse maatomu sakhala mwachisawawa, koma amandandalikana mwadongosolo lobwerezabwereza, ngati timabokosi tofanana tosanjikizana mbali zonse.

Chitsulo chikakhala chozizira, kabokosi kake kamakhala kofanana m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu, kali ndi atomu pa ngodya iliyonse mwa ngodya zake 8, ndi ina imodzi pakatikati. Mbali ya kabokosiko ndi yotalika nanomita 0.2866, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Ndiye kuti pa milimita imodzi pangathe kundandalikana timabokosi pafupifupi 3,500,000. Maikulosikopu ya magalasi singathe kuona zinthu zotere ngakhale itakonzedwa mwaluso lotani, chifukwa kuwala kumene maso amaona kumayenda m'mafunde otalika nanomita 400 mpaka 700. Kufufuza atomu ndi mafunde aakulu chotere kuli ngati kufuna kuzula minga ndi musi.

Chida choyenera chinapezeka mu November 1895, pamene Wilhelm Röntgen wa ku Würzburg m'dziko la Germany anatulukira cheza cha X-ray. Ambirife timachidziwa chezachi chifukwa cha kuchipatala, kumene chimajambula mthunzi wa mafupa, koma ntchito imene tikukamba pano ndi ina. M'chaka cha 1912, ku Munich, Max von Laue anaganiza kuti ngati chezachi ndi mafunde aafupi kwambiri, ndipo ngati maatomu a m'kristalo ali m'mizere yotalikirana molingana ndi kutalika kwa mafundewo, ndiye kuti kristalo iyenera kumwaza cheza m'njira zina zokhazokha osati paliponse. Walter Friedrich ndi Paul Knipping anayesa ganizoli ndi kristalo ya copper sulphate, ija ya buluu imene ophunzira amaikuza m'labotale ya sukulu, ndipo pa chithunzi chawo panatuluka timadontho tozungulira dontho lalikulu la pakati.

Amene anamasulira timadonthoto m'njira yosavuta anali mnyamata wa zaka 22, Lawrence Bragg wa ku Cambridge, amene m'chaka cha 1915 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi bambo ake, William Henry Bragg. Ganizirani munda wa mitengo yobzalidwa m'mizere yowongoka. Mukamayenda m'mphepete mwake mumaona tinjira totseguka, tina tolunjika, tina topingasa, ndipo mtundu uliwonse wa tinjira uli ndi kutambasuka kwakekwake. M'kristalo namonso maatomu angathe kuonedwa ngati miyalo yosanjikizana m'njira zambiri, mtundu uliwonse uli ndi mpata wake. Cheza chikagwa pa miyaloyo, muyalo uliwonse umabweza kagawo kochepa. Funde lobwezedwa ndi muyalo wachiwiri limayenda ulendo wotalikirapo kuposa lobwezedwa ndi muyalo woyamba. Ngati kusiyana kwa maulendowo kukufanana ndendende ndi funde limodzi lathunthu, kapena awiri, kapena atatu, nsonga za mafunde onse zimakumana ndipo cheza chimatuluka champhamvu. Ngati sichoncho, nsonga ya funde lina imagwera m'chigwa cha linzake ndipo amafafanizana.

Bragg analemba zonsezi m'lamulo lalifupi, nλ = 2d sin θ, mmene λ ndi kutalika kwa funde, d ndi mpata wa pakati pa miyalo, ndipo θ ndi kupendekeka kwa cheza. Wophunzira wa Folomu 4 amene amadziwa kugwiritsa ntchito sine angathe kuwerengera yekha kuti cheza chochokera ku mkuwa, chimene funde lake ndi nanomita 0.154, chikagwa pa miyalo ya chitsulo yotalikirana nanomita 0.203, chidzapatuka madigiri pafupifupi 45 kuchokera m'njira imene chinali kuyenda. Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi: mpata ukasintha, kupatukako kumasinthanso.

Panatsala vuto limodzi, lakuti chitsulo cha wosula si kristalo imodzi yaikulu. Peter Debye ndi Paul Scherrer ku Göttingen m'chaka cha 1916, ndiponso Albert Hull wa kampani ya General Electric ku America m'chaka cha 1917, anaonetsa kuti kuchuluka kwa makristalo si chopinga. Pakati pa makristalo zikwizikwi openya uku ndi uku sipalephera kupezeka ena amene apendekeka moyenera, motero mtundu uliwonse wa miyalo umasiya mzere wake pa filimu. Masiku ano filimu inalowedwa m'malo ndi makina owerenga cheza, ndipo mizere ija imaoneka pa kompyuta ngati timapiri tosongoka, koma kamasuliridwe kake nkomweko.

Mkangano wa chitsulo cha beta

Chida chimenechi chinafika akatswiri ali mkati mwa mkangano woopsa. Zinadziwika kale kuti chitsulo chikatenthedwa kufika madigiri 770 chimaleka kukokedwa ndi maginito, ndipo chikafika madigiri 912 chimasinthanso m'njira ina. Floris Osmond wa ku France ndi omutsatira anati pakati pa madigiri awiriwa pali mtundu wina wa chitsulo, umene anautcha beta, ndipo anakhulupirira kuti mtunduwu ndi wouma mwachibadwa, kuti madzi ozizira amangougwira usanathawe. John Oliver Arnold wa ku Sheffield ndi anzake anakana kwamtuwagalu, nati kuumako kumachokera kwa kaboni basi. Mbali ziwirizi zinalimbana kwa zaka zambiri, pena ndi mawu amene sayenera kutuluka m'kamwa mwa anthu ophunzira.

M'zaka za 1921 ndi 1922 Arne Westgren wa ku Sweden, pamodzi ndi anzake, anajambula chitsulo ndi cheza cha X-ray chitsulocho chili chotentha. Mizere ya chitsulo cha beta inapezeka ili yomweyo ya chitsulo chozizira. Maatomu sanasamuke pa madigiri 770. Chimene chinachoka ndi mphamvu ya maginito yokha. Koma kupitirira madigiri 912 mizere ina yatsopano inatulukira, kusonyeza kabokosi ka mtundu wina, kamene kalibe atomu pakatikati koma kali ndi atomu pakati pa khoma lililonse mwa makoma ake 6. Mtundu umenewu umatchedwa austenite, polemekeza William Roberts-Austen wa ku England, pamene mtundu wozizira uja umatchedwa ferrite.

Apa mpofunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Chimene timachitcha chitsulo cholimba, chopangira mipeni ndi masipuling'i, ndi chitsulo chosakanizidwa ndi kaboni pang'ono. Atomu ya kaboni ndi yaing'ono, ndipo simalanda malo a atomu ya chitsulo koma imaloŵerera m'mipata. Chodabwitsa nchakuti austenite, ngakhale maatomu ake ndi othithikana kuposa a ferrite, ali ndi mipata yokulirapo. Chifukwa cha ichi austenite angathe kumeza kaboni wokwana magawo 2 pa magawo 100 alionse a kulemera kwake, pamene ferrite sangapitirire magawo 0.02. Kaboniyu amatsitsanso kutentha kumene austenite amayambira, mpaka madigiri 727. Wosula akafiiritsa chitsulo amakhala akuchisandutsa austenite, ndipo kaboni yense amamwazikana m'mipata ija.

Chitsulocho chikazizira pang'onopang'ono, kaboni amapeza nthawi yosamuka. Amatuluka m'timabokosi tomwe tikubwerera ku ferrite nakasonkhana m'timiyalo touma totchedwa cementite, ndipo ferrite amatsala wofewa. Koma madzi sapereka nthawi imeneyi. Maatomu a chitsulo amafuna kubwerera ku kabokosi kawo kozizira, ndipo amatero onse pamodzi m'kuphethira kwa diso, iliyonse ikusuntha kamtunda kosakwana mpata wa pakati pa iyo ndi inzake. Kaboni amagwidwa ali pomwe anali. Chotuluka pamenepo chimatchedwa martensite, dzina limene Osmond yemwe uja anapereka polemekeza Adolf Martens wa ku Germany. M'chaka cha 1924 Edgar Bain wa ku America analongosola kuti kusinthaku kungachitike ngati kabokosi ka austenite kapanikizidwa mbali imodzi ndi kutambasuka mbali zina ziwiri.

Umboni unafika m'chaka cha 1926 kuchokera ku Yunivesite ya Michigan, m'ntchito ya William Fink ndi mphunzitsi wake Edward Campbell. Nkoyenera kunena kuti Campbell anali wakhungu kuyambira 1892, pamene chipangizo china chinamuphulikira m'labotale, ndipo anamwalira mu 1925 ntchitoyi isanasindikizidwe. Munthu amene anathandiza dziko kuona m'kati mwa chitsulo sanaione mizereyo ndi maso ake. Iwo anapeza kuti kabokosi ka martensite sikofanana mbali zonse: mbali ziwiri ndi zofanana, koma yachitatu ndi yotalikirapo, monga debe la palafini limene pansi pake mpofanana koma msinkhu wake ndi wautali. Georgy Kurdjumov ndi anzake ku Leningrad anapeza zomwezo posakhalitsa, naonetsa kuti kutalikako kumakula molingana ndi kuchuluka kwa kaboni.

Kodi filimu imasonyeza bwanji zimenezi? M'kabokosi kofanana mbali zonse, miyalo yoyang'ana kum'mawa, yoyang'ana kumpoto ndi yoyang'ana kumwamba ili ndi mpata umodzimodzi, motero mitundu itatuyi imagwera pa mzere umodzi. Mbali imodzi ikatalika, miyalo ya mbali imeneyo imatalikirana, mzere wake nkupatuka kusiya inzake iwiri. Pamene panali mzere umodzi pamakhala iwiri, wina wamphamvu pafupifupi kawiri kuposa unzake, popeza wina ukuimira mbali ziwiri pamene winayo ukuimira imodzi. Mtunda wa pakati pa mizere iwiriyo ndiwo muyeso wa kupotokako. M'chitsulo chimene chili ndi gawo limodzi la kaboni pa magawo 100, mbali yaitali imakhala nanomita 0.298 ndipo zazifupi zimakhala 0.285, kusiyana kwa magawo 4.5 pa 100. Motero katswiri angathe kudziwa kuchuluka kwa kaboni wogwidwa m'timabokosi popanda kusungunula chitsulocho.

Wina angafunse kuti nchifukwa ninji kabokosi kamatalika mbali imodzi yokha m'malo mofufuma mbali zonse. Mpata umene kaboni amakhalamo ndi wophwatalala, wokhala ndi maatomu awiri a chitsulo oyandikana kwambiri, ndipo kaboni amawakankha awiriwo. Mipata yotere ilipo yoloza mbali zonse zitatu, koma chifukwa cha mmene austenite amasinthira, kaboni yense wa m'kristalo imodzi amapezeka ali m'mipata yoloza mbali imodzi. Atomu imodzi ya kaboni pa maatomu pafupifupi 21 a chitsulo, zonse zikukankhira kumodzi, zimakwanira kutalikitsa kristalo yonse. Poyang'ana m'mbuyo, ndiyesa nkulakwa kunena kuti Arnold anapambana ndipo Osmond anagonja. Chitsulo cha beta chinali nthano, indedi, koma popanda kusintha kwa kabokosi kaboni sakadagwidwa, ndipo popanda kaboni kusinthako sikukadaumitsa chitsulo kwenikweni. Aliyense anagwira mwendo umodzi wa nyama yomweyo.

Tsono kupotoka kumaumitsa bwanji? M'chaka cha 1934 Geoffrey Taylor, Egon Orowan ndi Michael Polanyi, aliyense payekha, analongosola kuti chitsulo chikamapindika miyalo yake siterereka yonse nthawi imodzi. Munthu wofuna kusuntha mkeka wautali wolemera saukoka wonse. Amapanga khwinya kumapeto kwake nalikankha mpaka litatulukira mbali inayo, ndipo mkeka umakhala utasuntha pang'ono. M'chitsulo namonso muli makwinya otere, otchedwa dislocation, ndipo chitsulo chofewa ndi chimene makwinya ake amayenda mosavuta. Mu martensite atomu iliyonse ya kaboni yapotoza malo oizungulira, makristalo ndi opyapyala, ndipo makwinya ndi ochuluka mopingana okhaokha, kotero kuti khwinya lililonse limasowa podzera. Nchifukwa chake amisiri a m'misika amasakasaka masipuling'i akale a galimoto posula nkhwangwa ndi zikwanje. Chitsulo cha sipuling'i chili ndi kaboni pafupifupi magawo 0.6 pa 100, pamene msomali wamba uli ndi wochepa kwambiri ndipo ngakhale uviikidwe kangati sungaume chimodzimodzi.

Kuuma kumeneku kuli ndi mtengo wake. Austenite akasanduka martensite amafufuma pafupifupi magawo 4 pa 100, ndipo popeza kunja kumazizira msanga kuposa m'kati, chitsulo chimakokana chokhachokha mpaka pena kung'aluka chili m'madzi momwemo. Kuonjezera apo, si austenite yense amasintha. Wotsalayo angathe kusintha patapita miyezi, chipangizo chili pa ntchito, ndipo bering'i imene inapimidwa mosamala imapezeka yakula. Popeza austenite ali ndi mizere yakeyake, mafakitale amayerekeza mphamvu ya mizere yake ndi ya martensite kuti adziwe kuchuluka kwa wotsalayo katundu asanatuluke. Mankhwala a kuuma kopitirira ndiwo kutenthanso chitsulo pamoto wochepa, monga wosula amachitira akamayang'anira mtundu wa mpeni kuchoka pa wa udzu wouma kunka ku buluu. Pamenepo kaboni amayamba kutuluka m'mipata, ndipo pa filimu mizere iwiri ija imayandikana mpaka kukhalanso umodzi.

Misampha ya woyeza

Asatinamize munthu kuti mzere uliwonse wogawanika ndi umboni wa kabokosi kopotoka. Cheza chochokera ku mkuwa chili ndi mafunde a mitundu iwiri yoyandikana kwambiri, wina wa nanomita 0.15406 ndi wina wa 0.15444, ndipo woyambayo ndi wamphamvu kawiri kuposa wachiwiri. Motero ngakhale kristalo yopanda chilema imapereka mizere iwiriiwiri, wina wamphamvu kawiri kuposa unzake, monga momwe martensite amachitira. Ndiponso mizere ingawirikize chifukwa m'chitsulomo muli mitundu iwiri ya timabokosi tofanana mbali zonse, tina tokulirapo pang'ono. Njira yosiyanitsira ndiyo kufunsa kuti ndi mizere iti imene yagawanika. Ngati vuto ndi la cheza kapena la mitundu iwiri, mzere uliwonse umawirikiza. Koma ngati kabokosi katalika mbali imodzi, miyalo yopingasa imene imadula mbali zonse zitatu mofanana imakhalabe ndi mpata umodzi, ndipo mzere wake sugawanika. Mzere wosagawanikawo ndiwo mboni yeniyeni. Pa chitsulo palinso chovuta china, chakuti cheza cha mkuwa chimachititsa maatomu a chitsulo kutulutsa cheza chawochawo chimene chimadetsa chithunzi, nchifukwa chake ambiri amasankha cheza chochokera ku cobalt kapena chromium.

Kaboni akakhala wochepa, mizere iwiri ija imayandikana kotero kuti imaoneka ngati mzere umodzi wonenepa, ndipo apa mutu umakula. Scherrer anaonetsa mu 1918 kuti makristalo ang'onoang'ono kwambiri amanenepetsa mizere. Koma kupotoka kosalingana, kumene miyalo ina yapanikizika ina yatambasuka, nakonso kumanenepetsa mizere. M'chaka cha 1953 G. K. Williamson ndi W. H. Hall a ku Birmingham, poyesa tizidutswa ta aluminiyamu ndi tungsten topalidwa ndi tupa, anapereka njira yolekanitsira ziwirizi, potengera kuti kunenepa kwa mitundu iwiriyi kumakula mosiyana pamene kupatuka kwa cheza kukukula. Kenaka Hugo Rietveld wa ku Netherlands, m'zaka za 1967 ndi 1969, anafalitsa njira yoti kompyuta iwerengere chithunzi chonse kuchokera ku kabokosi kongoganizira, nizisintha miyeso ya kabokosiko mpaka chithunzi chowerengera chifanane ndi choyezedwa. Njirayi inayambira pa manyutironi koma lero ikugwira ntchito m'malabotale a X-ray ponseponse. Kuopsa kwake nkwakuti kompyuta simakana. Mukaipatsa kabokosi kolakwika pamodzi ndi ufulu wosintha miyeso yambiri, idzakupatsani chithunzi chofanana ndithu, ndipo munthu wothamanga adzasindikiza bodza lokhala ndi manambala asanu pambuyo pa kadontho.

Pali kupotoka kwina kumene sikugawa mzere kapena kuunenepetsa, koma kumangousuntha wonse. Chitsulo chowotcherera, chopindidwa kapena choziziritsidwa mosalingana chimasunga kukokana m'kati mwake ngakhale palibe katundu amene chasenza. Miyalo ikatalikirana ndi gawo limodzi lokha pa magawo 1,000, ndiye kuti chitsulocho chikukokedwa ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 20 pa kamalo ka milimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Woyeza amapendeketsa chipangizo pang'onopang'ono nayang'ana mmene mzere ukusunthira, ndipo pa chitsulo kawirikawiri amasankha mzere umene cheza cha chromium chimapereka pa madigiri 156, chifukwa mizere yopatuka kwambiri ndiyo imasuntha moonekera. Chezachi chimangoloŵa kakhungu kapamwamba, mozama ngati gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita, koma pamwamba pomwepo mpamene ming'alu yambiri imayambira. Opanga masipuling'i ndi zipangizo za ndege amawomba dala pamwamba pa chitsulo ndi timipira tachitsulo kuti khungulo likhale lopanikizika, popeza mng'alu sutseguka msanga pamalo opanikizika, ndipo ndi X-ray imene imatsimikiza kuti ntchitoyo yagwiridwa.

Aluminiyamu amene anauma yekha

Mizere yonse takambayi ndi yooneka. Nkhani ya aluminiyamu inabisala m'malo amene ambiri ankawaona ngati litsiro la pa chithunzi. M'chaka cha 1906 Alfred Wilm, ku Neubabelsberg pafupi ndi Berlin, anali kuyesa kuumitsa aluminiyamu wosakanizidwa ndi mkuwa pafupifupi magawo 4 pa 100 ndi magnesium pang'ono, potsanzira njira ya osula. Anamutentha kufika madigiri pafupifupi 500 namuviika m'madzi, koma sanaume kwenikweni. Linali Loweruka. Pomuyezanso Lolemba anapeza kuti wauma yekha ali pa tebulo, ndipo anapitirira kuuma kwa masiku angapo. Msakanizo umenewu unapangidwa ku Düren ndi dzina loti duralumin, ndipo unamanga mafupa a zombo za mumlengalenga za Zeppelin ndi ndege za Junkers. Anthu anauluka ndi chitsulo chimene palibe anadziwa chifukwa chimene chinaumira, pakuti pa maikulosikopu panalibe kusintha kulikonse. Mu 1919 Paul Merica ndi anzake ku America anaganiza kuti mkuwa umasonkhana m'tizidutswa tosaoneka, koma umboni panalibe.

M'chaka cha 1938 André Guinier ku Paris ndi George Preston ku Teddington m'dziko la England, osadziwana zochita, anajambula kristalo imodzi yaikulu ya aluminiyamu ndi mkuwa imene inasiyidwa kuti iume. Madontho akuluakulu anali m'malo awo, koma panaonekanso timikwasa tofooka totuluka m'madonthomo. Onse awiri anazindikira kuti chinthu chopyapyala kwambiri chimamwaza cheza motalika, monga momwe kristalo yaing'ono imanenepetsera mzere. Anamasulira kuti maatomu a mkuwa asonkhana m'timbale tophwatalala, tochindikala ngati atomu imodzi kapena ziwiri ndi totambasuka ngati nanomita 10, togona motsata makoma a kabokosi ka aluminiyamu. Timbaleti sitinadzipatule kukhala makristalo atsopano. Tinakhalabe m'mizere ya aluminiyamu. Ndipo popeza atomu ya mkuwa ndi yaing'ono kuposa ya aluminiyamu, miyalo yoyandikana nato imagwera m'kati, ndipo kupotokako ndiko kumatsekereza makwinya aja. Timbale timeneti timadziwika lero ndi maina a amuna awiriwa, Guinier-Preston, ndipo maikulosikopu ya maelekitironi inadzatitsimikizira m'zaka za m'ma 1950.

Kudziwa zimenezi kunasintha kagwiridwe ka ntchito. Msakanizowu ukatenthedwa mopitirira kapena kwa nthawi yaitali, timbale timakula nkusanduka makristalo odziimira paokha, kupotoka kumachepa, ndipo chitsulo chimafewanso. Nchifukwa chake mphuno ya ndege ya Concorde, imene inaleka kuuluka mu 2003, sinkaloledwa kutentha kupitirira madigiri 127, ndipo malire amenewa ndiwo anaika malire a liwiro lake. Kuzizira nako kumachedwetsa mkuwa kusonkhana, motero m'mafakitale a ndege misomali ina ya marivetsi imasungidwa m'firiji ikangoviikidwa, kuti ikhale yofewa mpaka nthawi yoikhomera, nidzaumira m'phiko momwemo.

M'chaka cha 1994 Frank Gayle ndi Martha Goodway a ku America anapima kachidutswa ka chimkute cha injini ya ndege imene Wilbur ndi Orville Wright anaulutsa ku Kitty Hawk mu December 1903. Chimkutecho chinaumbidwa ndi aluminiyamu wokhala ndi mkuwa pafupifupi magawo 8 pa 100. Pa maikulosikopu ya maelekitironi anapezamo timbale ta Guinier-Preston, timene tinapangika zaka 3 Wilm asanadabwe ndi aluminiyamu wake, ndiponso zaka 35 Guinier ndi Preston asanaone timikwasa tawo.